Mutu wa sitima wa magetsi ndi wa dizilo: wotchipa kuyendetsa ndi uti?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji sitima za malasha zodutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde zikumwabe dizilo pomwe anthu akuti za magetsi n'zotchipa. Kutchipako n'koona, koma si pa njanji iliyonse.

Mutu wa dizilo uja nawonso umayendera magetsi. Injini yake imazungulitsa jenereta, jeneretayo ndiyo imapereka moto ku mamota a m'mawilo. Pa mafuta amene wamwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limakoka katundu, kwinako kumangothera m'kutentha ndi utsi. Mudzaimirire pafupi ukamanyamuka, mudzaona mpweya ukuchita kunjenjemera pamwamba pa denga lake. Zimenezo ndi ndalama, ndipo kwathu kuno ndi ndalama zakunja, poti dizilo timachita kuitanitsa. Onjezanipo oyilo, mafyuluta ndi kuphwasula injini ikatopa.

Wa magetsi umangokoka moto pa waya, ndipo wambiri umafikadi ku mawilo. Ulibe injini yoti amakaniko azilimbana nayo. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti potsika phiri mamota aja amasanduka majenereta, n'kubweza moto mu waya kuti sitima ina yokwera igwiritse ntchito. Wa dizilo moto umenewo umangouwotcha.

Vuto lili pa wayayo. Njanji ya malashayi, kuchokera ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique kukafika ku doko la Nacala, ndi makilomita 912. Ponsepo pafunika mapolo, mawaya ndi masabusiteshoni (malo ogawira moto ku mawayawo), komanso anthu oziyendera. Ndalama imeneyi imatuluka ndithu, kaya padutsa sitima imodzi pa tsiku kaya makumi awiri. Ku South Africa, njanji ya Sishen kupita ku Saldanha, ya makilomita 861, imayendera magetsi ndipo zimapindula chifukwa sitima imodzi imakoka mabogi 342 a miyala ya chitsulo, usana ndi usiku.

Ku Zimbabwe anaika magetsi pa njanji ya Harare kukafika ku Dabuka, pafupi ndi Gweru, mu 1983. Katundu atachepa, akuba n'kumadula mawaya a kopa, anabwerera ku dizilo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa inali ntchito yabwino.

Tsono magetsiwo achokera kuti? Mukukumbukira namondwe Ana mu January 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130. Njanji yathu ndi ya mzere umodzi. Sitima yodzaza malasha ikaima pakati pa tchire poti magetsi azima, zonse za m'mbuyo mwake zaima.

Kwa ine, mzere wa malashawu ndi wokhawo woyenera kuuwerengera masamu a magetsi, bola moto ukhale wodalirika kuyambira ku Tete mpaka kunyanja. Koma ya ku Limbe ija, kapena yopita ku Salima ndi Kanengo, sitima zake n'zowerengeka kwambiri moti sizingabweze ndalama ya mapolo okha.