Golide pa ufa woyera: kodi n'kuseweretsa chuma?

Wophunzira za kemisitiri wina wa ku Dwangwa wanditumizira imelo. Akuti: "Ndamva kuti asayansi amamwaza golide kapena platinum pa ufa wa titanium dioxide kuti kuwala kusinthe mankhwala. Zitsulo zodula chonchi n'zachiyani, poti ufawo umagwira kale kuwala?"

Achimwene, umagwiradi, koma kochepa. Kuti elekitironi idumphe mu titanium dioxide pamafunika mphamvu ya 3.2 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi), ndipo mphamvu yotere imapezeka m'kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso, komwe ndi pafupifupi 5 peresenti chabe ya kuwala kwa dzuwa. Kuwala kwina konse kwa dzuwa lotiwotcha kunyanja kunoli, ufawo sumeza. Komanso elekitironi ikadumpha imasiya dzenje, ndipo m'kuphethira kwa diso imabwereramo, mphamvu ija n'kuthera m'kutentha.

Platinum ndi palladium zimakoka elekitironiyo isanabwerere, n'kuisunga pamwamba pomwe mankhwala angaitenge. Golide ali ndi luso linanso: timibulu take tosaoneka ndi maso timameza kuwala kobiriwira, cha pa 520 nm (nm ndi muyeso wa utali wa funde la kuwala), n'kukankhira ma elekitironi mu ufawo. Ntchito yake ndi monga kusandutsa 4-nitrophenol, mankhwala opatsa madzi mtundu wachikasu, kukhala 4-aminophenol, yemwe amapangira paracetamol, Panado wathu uja. Molekyulu iliyonse ya 4-nitrophenol imafuna ma elekitironi 6.

Nanga maenje otsala aja? Ayenera kudyetsedwa ma elekitironi, apo ayi zonse zimaima. Ambiri amathiramo mowa wa m'labotale, ndipo ethanol, yemwe amapangidwa kwanu komweko kuchokera ku zotsalira za nzimbe, amagwira ntchitoyi.

Za kudula musadandaule kwambiri. Chitsulo chimaikidwa pang'ono, kawirikawiri cha pa 1 peresenti ya kulemera kwa ufa. Mukachulutsa, chimaphimba ufawo kuwala osaufika.

Ndikanakhala inu, golide ndikanayamba ndamusiya. Urea, yemweyu wa feteleza, akatenthedwa m'ng'anjo ya m'labotale cha pa 550°C amasanduka carbon nitride, ufa wachikasu wongofuna 2.7 eV, choncho umameza kuwala kwa buluu pawokha. Pamenepo mutha kuyesa kopa kapena nickel.

Pali msampha umodzi. Ofufuza ambiri amathira sodium borohydride, mankhwala opereka ma elekitironi, poyesa 4-nitrophenol, chikasu cha madziwo chikazimiririka n'kuyamba kutama dzuwa. Koma golide ndi borohydride amachita zimenezi ngakhale mumdima. Konzani mabotolo atatu: lina pa kuwala, lina lokulungidwa bwino m'kabati, lina la ufa wopanda chitsulo. La m'kabati likayera mofanana ndi la pa kuwala, ndiye kuti kuwala sikunagwire ntchito iliyonse.