SSD yadzaza koma hard drive ili pululu: magemu apite kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata wina amene wagula kompyuta yamagemu kwa mnzake. Ili ndi ma drive awiri: SSD ya 500 GB pomwe pali Windows, ndi hard drive ya 2 TB. Akuti C, yomwe ndi SSD ija, yafiira kusonyeza kuti yadzaza, patsala 11 GB yokha, pomwe pa D, hard drive ija, sanaikepo kalikonse. Akufunsa ngati afufute magemu n'kuwadawunilodanso pa D, kapena angogula SSD ina.

Achimwene, musafufute kanthu kaye. Red Dead Redemption 2 yokha imafuna malo okwana 150 GB, ndiye tangoganizani mabandulo angati angathere pamenepo pa chinthu chomwe muli nacho kale m'nyumba. Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu, imatha kukusamutsirani gemu popanda kuidawunilodanso. Lowani mu Settings, kenako Storage, dinani Add Drive n'kusankha D. Bwererani pa C, chongani gemu yomwe mukufuna ichoke, dinani Move. Zomwe munasevapo sizitayika, chifukwa magemu ambiri amazisunga mu Documents, mu AppData kapena pa Steam Cloud, osati mufoda ya gemuyo. Musangochita cut ndi paste pa foda ya gemu nokha, Steam idzakhala ikuifunafuna pomwe inali kale.

Nkhani yeniyeni ndi yakuti gemu iti itsale pa SSD. Ambiri amasiya pamenepo gemu yomwe amaikonda kwambiri, koma ine ndimayang'ana mmene gemuyo imawerengera mafayilo ake. Drive siwonjezera FPS (kuchuluka kwa zithunzi zomwe gemu imaonetsa pa sekondi), imeneyo ndi ntchito ya graphics card ndi purosesa. Chomwe drive imasintha ndi changu chobweretsera zinthu. SSD ya SATA, yolumikiza ndi chingwe, imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi, hard drive wamba imathera cha m'ma 150 mpaka 200. Koma kusiyana kwakukulu kuli pa timafayilo ting'onoting'ono. Mu hard drive muli kamkono kamene kamayenda pamwamba pa mbale yozungulira kukafuna kafayilo kalikonse, pomwe SSD ilibe chilichonse choyenda.

Ndiye gemu ya dziko lalikulu lotseguka, yomwe imakoka misewu, nyumba ndi nkhope za anthu inu mukuthamanga, imavutika pa hard drive. Mumaona khoma lopanda mtundu kwa kanthawi, kapena chithunzi chikudodoma mukangolowa mumzinda. N'chifukwa chake Starfield ndi Baldur's Gate 3, onse a 2023, analemberatu kuti amafuna SSD, ndipo Cyberpunk 2077 inayambanso kutero pa update ya 2.0. Amenewo asiyeni pa C. Gemu yampira imakonza bwalo ndi osewera masewero asanayambe, ndiye pa D mungodikira pang'ono basi, mpira ukayamba palibe chosiyana. Magemu akale, ang'onoang'ono, ndi aja mumati "ndidzamaliza tsiku lina", onsewo apite ku D.

Komatu mwina si magemu okha akudya malo. Ine zinandichitikira: C inadzaza, ndinasamutsa magemu awiri, patapita mwezi yafiiranso. Nditatsegula WizTree, kapulogalamu kosonyeza mafayilo monga mwa kukula kwake, ndinapeza foda ya Videos itatupa ndi timavidiyo ta magemu. Ndinali nditayatsa zojambula tsiku lina kuti ndionetse mnzanga chigoli, n'kuiwala kuzimitsa. WinDirStat imagwiranso ntchito yomweyo, kungoti imachedwerapo.

Downloads, Videos ndi Pictures zisamutseni mwa njira yake: right-click pa foda, Properties, Location, Move, n'kuloza foda yatsopano pa D. Mukatero Windows imadziwa komwe zapita. AppData ndi Program Files zokha musazikhudze. Mukaona Windows.old, foda yosunga Windows yakale, ichotseni kudzera mu Disk Cleanup. Palinso hiberfil.sys, fayilo yobisika ya ma GB angapo. Ngati simugwiritsa ntchito hibernate (kuzimitsa kompyuta ikusunga zomwe munatsegula), tsegulani Command Prompt ngati administrator n'kulemba powercfg /h off, ichoka yokha. Dziwani chabe kuti Fast Startup, yomwe imathandiza kompyuta kuyaka mwachangu, nayo izima.

China: 500 GB yanuyo Windows imaionetsa ngati 465 GB, ndipo palibe wakuberani. Opanga ma drive amawerenga ndi 1,000 pomwe Windows imawerenga ndi 1,024. Pa 465 imeneyo, ine ndimasiya 60 kapena 70 GB osaikapo kanthu. Update ya gemu yaikulu imafuna malo omangirapo mafayilo atsopano isanachotse akale, ndiye mutha kuona update yaing'ono ikukana kulowa chifukwa cha malo, inu n'kumadabwa. SSD yodzaza thothotho imalembanso mochedwa.

Za kugula ina, ndingati dikirani. Mukachita zonsezi, pa C pakwana Windows ndi magemu aakulu awiri, ndipo anthu ambiri saseweradi oposa pamenepo nthawi imodzi. Mukamaliza imodzi, isamutsireni ku D n'kubweretsa ina, ndi ntchito yoisiya ikuyenda inu mukudya nsima. Zikakutopetsani ndiye gulani, koma yambani mwatsegula bokosi la kompyutayo muone ngati motherboard ili ndi malo a M.2 (polowetsa SSD yaing'ono yopanda chingwe) opanda kanthu, chifukwa ngati palibe mufunika SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 pamodzi ndi chingwe chake.