Adziwa bwanji kuti HIV inayamba kufala cha m'ma 1920?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino: "Edzi inadziwika mu 1981. Nanga asayansi akamati kachilomboka kanayamba kufala ku Kinshasa cha m'ma 1920, analipo? Si zongopeka izi?"

Zikomo Mayi, funsoli ndalikonda kwambiri. Si zopeka ayi. Kachilomboka kamayenda ndi mbiri yake.

Kumbukirani kukopera manotsi kusukulu. Wina akalakwitsa liwu, amene akopera kwa iye amatengera cholakwikacho, nawonjezera chake. Mphunzitsi wochenjera akayala makope patebulo amadziwa amene anakopera kwa mnzake. HIV ili ndi zilembo za majini pafupifupi 9,700, ndipo ikamachulukana m'thupi imakopera mosasamala. Zolakwikazo zimaunjikana chaka ndi chaka pa liwiro loti n'kuyezeka. Ndiye mukayerekeza tizilombo ta anthu awiri, kusiyana kwake kumakuuzani kuti kholo la tizilomboto linakhalapo liti.

Chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Ku Kinshasa, likulu la dziko la Congo (DRC), kunapezeka magazi amene anatengedwa mu 1959, komanso kachidutswa ka mnofu ka mu 1960, zonse zili ndi HIV. Wasayansi Michael Worobey ndi anzake ataziyerekeza mu 2008 anapeza kuti tizilombo tiwiriti tinali titasiyana kale kwambiri. Kusiyana kotere sikungachitike m'zaka zisanu, kumafuna zaka makumi angapo. Mu 2014 gulu la Nuno Faria linasanthula zitsanzo mazanamazana, mizu ya mtengo woonetsa chibale cha tizilomboti n'kukathera ku Kinshasa cha m'ma 1920.

Mtengowo umanenanso za kuchuluka kwa odwala. Odwala akakhala ochepa, nthambi sizichedwa kukumana pa kholo limodzi. Akachuluka mwadzidzidzi, nthambi zimaphuka zambiri pakanthawi kochepa. Umu ndi mmene anaonera kuti mliri unkakula pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 1960, kenaka n'kubuka mwamphamvu. Njanji inathandiza kunyamula kachilomboka kupita ku Mbuji-Mayi ndi ku Lubumbashi, mizinda ina ya ku Congo.

Chenjezo langa n'lakuti 1920 musaitenge ngati tsiku lobadwa. Ndi pakati chabe pa zaka zingapo zimene masamu akuloza.

Ife nkhaniyi ikutikhudza. Mtundu wa HIV wotchedwa C, umene wafala kwambiri kuno ku Malawi, mizu yake imaloza kumadera a migodi a ku Congo komweko. Ndipo magazi ouma amene ofufuza za khate anasunga ku Karonga m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti poyamba kunali mitundu ingapo ya HIV, mtundu C usanapose inzake.