Madam, musapite nayo kunyanja CPD ya AI imeneyi

Madam, funso lanu ndinaliona m'mawa koma ndimafuna ndikhale kaye pansi. Mwati koleji yanu yakuikani mu komiti yokonza CPD (maphunziro oonjezera luso la anthu omwe ali kale pa ntchito) ya AI ya ma lecturer ndiye simukudziwa poyambira, komanso mukukayika ngati ndi zofunikadi kapena zangotchuka chabe. Ine ndimaphunzitsa pa koleji ina kuno ku Salima, tinadutsamo mu zimenezi, ndiye ndingokuuzani zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Zofunika ndithu, apo musakayike. ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, inatuluka mu November 2022, kenako mu 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp ndipo Malawi inali m'gulu la mayiko oyambirira kuilandira, ndiye mwana safunikanso laputopu ayi, kafoni komweko akulembera asayimenti yonse ali pa kabaza. Ana anatitsogola kalekale, otsalira ndi ifeyo.

Koma chonde chonde, musakonze za masiku atatu kunyanja. Ife kuno ku Senga Bay timawaona ma workshop sabata ndi sabata, ndipo ine ndinakhalapo pa ina ya AI yomweyi. Wophunzitsa anali wodziwa zinthu, ma slide ake abwino, koma wifi inavuta tsiku loyamba lomwelo ndiye tinangomvera ngati ulaliki, palibe anagwira chinthucho ndi manja ake. Tinasayinira alawansi nkubwerera, Lolemba lake aliyense anapitiriza momwe amachitira kale. Zimandipweteka chifukwa ndalama imeneyo ikanagulira dipatimenti yonse bandulo semesita yathunthu.

Chomwe chinatithandiza ndi chaching'ono kwambiri. Tinagwirizana kuti Lachitatu lililonse masana tizikumana mu staff room ola limodzi basi, aliyense ndi foni yake komanso course outline yake. Tsiku loyamba tinati aliyense aifunse AI nkhani yomwe iyeyo amaidziwa bwino kuposa wina aliyense m'chipindamo. Bambo ena achikulire ophunzitsa zaulimi, omwe poyamba ankakana zoti akhudze nawo zimenezi, anaifunsa kuti iwapatse mabuku ndi kafukufuku wa ulimi wa mpunga ku Nkhotakota. Inatulutsa mndandanda wooneka bwino, mayina a olemba, zaka, chilichonse chili m'malo mwake. Tinayamba kufufuza umodziumodzi pa Google Scholar, pofufuzira mabuku ndi kafukufuku pa intaneti, ina inapezeka koma ina kulibeko, yongopeka. Bambo aja anavula magalasi nkukhala kaye chete, kenako anati "ndiye chimanama osaphethira chonchi? Ana anga andipatsa zingati zoterezi ine nkuchonga?" Kuchokera tsiku limenelo sanajombepo.

Apa mpomwe pali mutu wa nkhani Madam. Lecturer akuyenera kumvetsa kuti chinthuchi sichidziwa ngati momwe munthu amadziwira, chinaphunzitsidwa pa zolemba zambirimbiri za pa intaneti ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kubwera patsogolo pa anzake. Nchifukwa chake chimayankha molimba mtima ngakhale chikulakwitsa, ndipo poti zolembazo zambiri ndi za Chingerezi komanso za kunja, pa nkhani zakwathu kuno chimaterereka kwambiri. Tachiyesani Chichewa, nthawi zina mudabwa kuti akuyankhulayu anakulira kuti. Zimenezi munthu ukangomuuza pa slide sizilowa, azigwire yekha bodzalo pa phunziro lake lomwe.

China chomwe muyenera kuikapo nthawi yambiri ndi ma detector aja akuti amagwira zolembedwa ndi AI. Anzathu ambiri amabwera ku CPD akufuna chimenechi basi, awaonetse pogwirira akuba. Auzeni zoona, zida zimenezi zimalakwitsa. A OpenAI eni ake a ChatGPT anali ndi chawo koma anachichotsa mu July 2023 chifukwa chimalephera kwambiri. Kwathu mtsikana wina anapatsidwa ziro chifukwa detector inati ntchito yake ndi ya AI, anabwera ku ofesi misozi ili mbwee atanyamula kope lomwe analembamo zonse pamanja asanataipe, masamba ofufutafufuta. Anali wosalakwa. Mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwawa, mwana wa eni kumutchula wakuba chifukwa cha makina.

Ndiye m'malo mosaka akuba ife tinayamba kusintha mafunso. Funso loti "fotokozani tanthauzo la marketing" ChatGPT ikuyankha musanamalize kumwa tiyi. Koma mukati apite pa msika wa Kamuzu Road kapena padoko akacheze ndi amayi atatu ogulitsa usipa, abweretse mitengo ya sabata imeneyo ndi zomwe amva, kenako aime mphindi 5 kutsogolo afotokoze ndi pakamwa, pamenepo wobera amaonekera yekha. Tinawalolanso kugwiritsa ntchito AI koma alembe pansi pake kuti anaifunsa chani ndipo anakonza pati. Ndikudziwa kalasi ya ana 200 sizophweka, ife timawaika m'magulu nkumaloza aliyense mwadzidzidzi kuti ayankhe.

Musaiwale zachinsinsi. Anthu amangotenga mayina a ana, ma registration number ndi malikisi nkuponya mu ChatGPT kuti iwakonzere tebulo, pomwe dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024. Tsiku limodzi lokha likhale la zimenezi.

Zoti muwerenge ngati komiti, UNESCO inatulutsa malangizo a generative AI (AI yolemba yokha ngati ChatGPT) pa maphunziro mu 2023, kenako mu 2024 inatulutsa AI competency framework ya aphunzitsi, ili ndi maluso 15 ogawidwa m'magawo 5, ndipo ndi yaulere pa intaneti. Ikuthandizani kupanga ndondomeko yoti mukaonetse akuluakulu, bola musaikopere yonse, tengani zogwirizana ndi netiweki komanso magetsi akwanuko.

Kwa akuluakulu a koleji kapempheni zinthu ziwiri, bandulo ya aliyense ndi kakalata kofotokoza zololedwa ndi zosaloledwa, chifukwa pano lecturer wina akuletseratu wina akulola ndiye ana akusokonezeka. Komanso achikulire musawasiye kumbuyo kapena kuwachititsa manyazi, muwakhazike pafupi ndi achinyamata, wina amadziwa kudina winayo amadziwa phunzirolo mozama moti bodza amaligwira msanga.

Yambani ndi dipatimenti imodzi sabata yamawa yomweyi, anthu 6 kapena 8 akwana. Mukafuna mafunso omwe tinayambira nawo ndipezeni ku inbox ndikutumizirani, ndili nawo mu foni momwemu.