Musanamutengere kupolisi mlongo wanuyo, tandimvani kaye

Achemwali amene mwaposta mobisa dzina, nkhani yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mlongo wanu wa zaka 19 akubanda chamba, akumwa mankhwala a chifuwa osakaniza ndi zakumwa, wayamba kusowetsa katundu m'nyumba, ndipo bambo akuti akamusiye kupolisi akaphunzire mwambo. Ndiye mwafunsa ngati za harm reduction (kuchepetsa ngozi kwa munthu amene sanasiye mankhwala ozunguza bongo) zomwe munamva pa wailesi sikungomulimbikitsa mwana kuonongeka. Makomenti ambiri apa akuti mmangitseni, ena akuti ndi ziwanda. Ine ndilemba motalika mundipirire, chifukwa njira ya kupolisiyo kwathu tinaiyenda kale.

Mng'ono wanga tinamumangitsa tokha, ndipo amene anakwera kabaza kukaitana apolisi ndine. Maganizo athu anali oti agone m'chitokosi masiku awiri, aone zakuda, abwere atawongoka. Koma anamupeza ndi timipukutu m'thumba la jinzi, ndipo nkhani ikangolowa m'buku simukhalanso ndi mphamvu nayo, si ya pabanja ayi, ndi ya boma. Tinayamba kuthamanga ndife tomwe, za belo, za kukhoti, kuphika nsima kukapereka, mayi kulira tsiku ndi tsiku. Anakhala pa rimandi miyezi, sukulu inathera pompo. Potuluka anabwera ndi mphere, chifuwa chosatha, komanso anzake atsopano odziwa komwe kumapezeka zinthu zoposa chamba. Kusuta sanasiye ngakhale sabata imodzi. Chomwe anasiya ndi kundilankhula ine, chaka chathunthu.

Pa za malamulo pasakhale chisokonezo, chifukwa mafana ambiri amanamizana kuti chamba anachiloleza. Chimene aphungu anavomereza mu 2020 ndi Cannabis Regulation Act, yolola kulima kwa amene ali ndi laisensi, cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo amayang'anira ndi a Cannabis Regulatory Authority. Kusuta ndi kupezeka nacho m'thumba ndi mlandu ndithu pansi pa Dangerous Drugs Act. Ku Joni ndiye kosiyana, khoti lawo lalikulu linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu atha kusuta kwake mseri, koma izo ndi za kumeneko, ku Kawale sizigwira ntchito. Ndiye mwana wa ku Chinsapo amangidwa ndi kampukutu kamodzi pomwe kampani yokhala ndi ndalama za laisensi ikulima maekala, ine pamenepo mutu umandiwawa, koma tizisiye kaye.

Tsono harm reduction ndi chani kwenikweni. Amene tili achikulire tikukumbuka makondomu a Chishango atangobwera m'ma 1990, anthu anakalipa kuti mukuphunzitsa ana chiwerewere. Koma maliro anali tsiku ndi tsiku, ndipo ena anaona kuti munthu amene sanasiye khalidwe lake lero ndi bwino akhale moyo mpaka tsiku lomwe adzasiye. Nzeru yake ndi yomweyo basi. Sukumuombera m'manja, ukungotseka mabowo omwe imfa ingalowere uku ukumukokera pang'onopang'ono ku chithandizo.

Anzathu a ku Tanzania anayamba mu 2011 pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam, kupereka methadone, mankhwala olowa m'malo mwa heroin, kwa anthu omwe anakodwa ndi heroin. Munthu amapita m'mawa uliwonse kukamwa kamlingo kake pamaso pa anamwino, thupi limakhazikika osamva chibaba chija, ndiye sabanso kuti akagule, sabwerekana jakisoni ndi anzake, HIV ndi matenda a chiwindi sizifala. Kenya inatsatira mu 2014. Ku Portugal anafika patali, kuyambira 2001 munthu akapezeka ndi mankhwala ongokwanira iye mwini masiku khumi sapita kundende, amakaonekera ku kagulu komwe mumakhala a zaumoyo ndi a zamalamulo, koma ogulitsa amamangidwabe. Anthu otenga HIV kudzera m'majakisoni anachepa kwambiri. Chomwe ambiri satchula ndi choti Portugal inathiranso ndalama zambiri ku zipatala ndi uphungu, sikuti anangosintha lamulo n'kukhala pansi. Kuno titangokopera lamulo lokhalo popanda kokawatumiza anawo, palibe chingasinthe, ine ndimaona choncho.

Komanso methadone si ya chamba, ndiye za mlongo wanu ndi zina. Kunena zoona chomwe chandiopsa mu positi yanu si chambacho koma botolo la chifuwalo. Ambiri mwa mankhwala omwe anawa amafuna amakhala ndi codeine, yemwe akalowa m'thupi chiwindi chimamusandutsa morphine, ndi banja limodzi ndi heroin. Amachedwetsa kupuma. Akaphatikiza ndi kachasu kapena timidoli tija, kapena mapilisi ogonetsa ngati diazepam, munthu amangogona n'kupitiratu, inu nkumati waledzera adzuka mawa. Ndiye chinthu choyamba kumuuza, ngakhale asakumvereni zina zonse, ndi choti asasakanize, ndipo asamamwe ali yekha atadzitsekera kuchipinda. Mukamupeza sakudzuka, akupuma motalikitsa kapena akuliza nkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, musamuthire madzi kapena kumukakamiza mkaka, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, pezani galimoto, thamangani kuchipatala ndipo kanenani chilungamo chomwe wamwa, botolo mutenge. Pali mankhwala otchedwa naloxone omwe amabweza mphamvu ya codeine ndi heroin, koma adokotala sangalote ngati inu mukubisa chifukwa cha manyazi.

Chamba nachonso sindikuchiyeretsa ayi, ma rasta a mugulu muno mundikhululukire. Kwa mwana amene bongo sunakhwime, kusuta tsiku lililonse kumatha kudzutsa misala, makamaka ngati kumtundu kwanu alipo anadwalapo. Mukaona wayamba kulankhula yekha, sakugona usiku, akuti anthu akumulondola, musadikire. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Bwaila pali mbali yoona za matenda a maganizo, a St John of God ali ku Area 43 ndipo amathandiza za kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, zikakula ndiye ku Zomba Mental. Ndipo ngati amamwa mowa kapena mapilisi aja daily, kumutsekera m'nyumba kuti asiye lero lomwe n'koopsa, ena amakomoka ngati akhunyu, kusiya kwake kumafuna achipatala. Mapemphero pempherani, ine ndimapemphera, koma zomumanga maunyolo kwa aneneri ndi kumusalitsa kudya masiku atatu izo ayi.

Za kuba, musamusekerere. Ndalama m'manja musamupatse, mugulireni chinthucho nokha, chipinda chanu muzikhoma, ndipo mumuuze maso ndi maso kuti akadzagwira munthu kapena kuopseza mayi ndi mpeni pamenepo apolisi abwera ndithu, chifukwa chitetezo cha enanu nachonso ndi nkhani. Koma mbale yake ya nsima izikhalapo ndipo chitseko usiku muzimutsegulira. Mng'ono wanga uja tinamubweza ndi zinthu zazing'ono zomwezi, kenako uphungu omwe anapitako kanayi n'kuthawa, n'kudzabwereranso yekha patatha miyezi. Pano amawotcherera mageti kwa Biwi. Mapilisi ndi mabotolo anasiya, chamba ndikukayika, masiku ena maso amakhala ofiira ndithu ndipo ndimangomuyang'ana.

Bambo anuwo musalimbane nawo pamaso pa mwanayo, atopa ndipo akuchita manyazi ndi maneba, ndikuwamvetsa. Itanani amalume ake abwere Loweruka, akhale pansi ndi bambo kaye paokha, kenako mwanayo mumulankhule m'mawa asanatuluke, mutu uli bwinobwino, osati usiku atabwera ali mmwamba. Ndipo mukafufuze dzina la botolo lomwe akumwalo mundiuze ku inbox, chifukwa si onse a chifuwa omwe ali ndi codeine.