Masipika akale m'fulati yaying'ono: nditaye kapena ndisunge?

FUNSO

Ndili ndi home theatre ya DVD yomwe mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg mu 2012. Ili ndi timasipika tisanu ndi wufa, ndipo pabokosi panalembedwa 1000W. Pomwe tinkakhala m'nyumba yaikulu ku Chirimba inkatisangalatsa kwambiri. Ana atakula tinasamukira m'fulati yapamwamba ku Mandala. Pabalaza pake ndi mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, pansi pali matailosi. Tsopano tikamaonera filimu mawu a anthu samveka bwino. Tikakweza voliyumu, mfuti ikangolira nyumba yonse imanjenjemera, moti amayi okhala pansi pathu anabwera kale kudzadandaula. Chinanso, chigulireni TV yatsopano masipika awiri akumbuyo salira tikamaonera Netflix kapena DStv, amalira pa DVD pokha. Mwana wanga akuti nditaye zonse ndigule soundbar (bokosi limodzi lalitali la masipika loika pansi pa TV) ya Dolby Atmos. Mnzanga wakuntchito akuti ndisunge masipika, ndingogula ampulifaya yamakono. Ndimvere ndani?

Bambo wa ku Mandala, Blantyre

YANKHO

Bambo, ndalamazo musazitulutse kaye. Pa zonse mwafotokozazi palibe chomwe chikusonyeza kuti masipika anu atha. Sipika ndi maginito, koyilo ya waya ndi pepala lolimba lomwe limakankha mpweya, ndipo zimenezi zimatha kugwira ntchito zaka zambirimbiri. Chomwe chimafulumira kuwonongeka ndi siponji kapena mphira wozungulira m'mphepete mwa pepalalo. Unikani ndi tochi muone ngati wang'ambika kapena akufumbutuka. Kenako lowani mu menu ya makinawo musankhe Test Tone, mumvetsere sipika iliyonse payokha. Ngati zonse zikulira bwino popanda phokoso la kukhulana m'kati, ndiye kuti n'zamoyo.

Nkhani ya masipika akumbuyo ndikukayikira mawaya. Ngati TV mwailumikiza ndi chingwe cha timitu tiwiri, kofiira ndi koyera, dziwani kuti chingwe chimenecho chimanyamula njira ziwiri zokha za mawu, kumanzere ndi kumanja. DVD imalira pa masipika onse chifukwa imawerengedwa m'kati mwa makinawo, sidutsa pa chingwecho. Yang'anani kumbuyo kwa makina anu ngati pali polembedwa OPTICAL IN, kapena polowetsa HDMI polembedwa ARC. Njira ya ARC, yomwe imatumiza mawu a TV ku makinawo kudzera pa chingwe cha HDMI, inabwera mu 2009, choncho makina ena a 2012 ali nayo. Mukalumikiza TV pa amodzi mwa malo amenewa, pitani mu menu ya mawu ya TV musinthe Digital Audio Output kuchoka pa PCM kupita pa Dolby Digital kapena Auto. Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amakodwa: chingwe cha optical agula, koma TV yatsala pa PCM, ndipo PCM yodutsa pa optical imakhalabe ya njira ziwiri. Ngakhale mutakonza zonsezi, musadabwe akumbuyowo akakhala chete nthawi ya nkhani, pa nyimbo za pa flash kapena pa makanema ambiri a YouTube. Zimenezo zinajambulidwa ndi njira ziwiri basi. Mukafuna kuti alireko, batani la Pro Logic II limagawira mawu ena kumbuyo, ndipo pa mpira limakometsa chiphokoso cha ochemerera.

Za mawu a anthu osamveka ndiye zimandikhudza kwambiri, chifukwa ambiri amataya makina abwino pa vuto loti akanalithetsa ndi manja awo. M'filimu ya 5.1 (yokonzedwera masipika asanu ndi wufa) pafupifupi zolankhula zonse zimatuluka pa sipika imodzi, yapakati ija, yogona chopingasa. M'makomo ambiri omwe ndalowamo ndimaipeza itabisidwa m'kati mwa kabati ya TV, kuseri kwa decoder, pena pamwamba pa display pambali pa maluwa apulasitiki. Itulutseni. Ikhale pansi penipeni pa TV, kutsogolo m'mphepete mwa tebulo, italoza makutu a munthu wokhala pa sofa. Mu menu ikwezeni ndi ma decibel (dB, muyeso wa kukwera kwa mawu) 2 kapena 3, wufa muitsitse ndi 4 kapena kuposerapo. Fufuzaninso polembedwa Night Mode kapena DRC. Mafilimu amakonzedwa poganizira holo ya kanema, momwe kunong'ona kumakhala kotsika kwambiri ndipo kuphulika kwa bomba kumakhala kokwera zedi. Batani limeneli limachepetsa mpata umenewo, ndiye simuyeneranso kukhalira kukweza ndi kutsitsa rimoti. Matailosi ndi zipupa zopanda kanthu nazonso zimabweza mawu n'kuwasokoneza. Kapeti yokhuthala pakati pa TV ndi sofa, pamodzi ndi makatani olemera, zidzakuthandizani kuposa momwe mukuganizira.

Koma kapeti ndi makatani sizingathandize amayi apansiwo. Chomwe chikuwafika ndi besi, ndipo besi ili ndi khalidwe lakelake. Funde la mawu otsika a 50 Hz (onjenjemera maulendo 50 pa sekondi) limatalika pafupifupi mamita 7, kuposa pabalaza panu ponse. Mawu otere sagwidwa ndi nsalu, amagwedeza konkire yeniyeniyo n'kutulukira kunsi. Wufa ikakhala pakona imamveka mwamphamvu kwambiri chifukwa zipupa ziwiri ndi pansi zimaithandiza, ndiye ichotseni pamenepo. Ibweretseni pafupi ndi sofa kuti inu muziimva bwino ngakhale ili yotsitsa, ndipo pansi pake muyale mphira wokhuthala kapena siponji yolimba kuti isamagunde matailosi mwachindunji. Izi zimachepetsa, sizithetseratu. Chomwe ndingakupempheni ndi ichi: tsiku lina madzulo pitani mukapemphe kulowa kwa amayiwo, mwana wanu atsale pamwamba akuseweretsa filimu ya mfuti ija. Muzilankhulana pafoni, iye azitsitsa mpaka inu ndi amayiwo mutagwirizana. Nambala ya voliyumu imeneyo muisunge, ikhale malire a usiku. Dziwaninso kuti makina atsopano okhala ndi wufa yamphamvu adzangowonjezera mkanganowu.

Za 1000W zija musaziwerengere. Opanga amaphatikiza masipika onse asanu ndi wufa, n'kuyeza m'njira yotulutsa nambala yaikulu. Sipika wamba imatulutsa ma decibel apakati pa 84 ndi 90 ndi watt imodzi yokha mukaima pa mtunda wa mita imodzi, ndipo limenelo ndi phokoso lalikulu kale. Kuwirikiza kawiri ma watt kumangowonjezera ma decibel 3. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. M'chipinda cha mamita 4 ndi 3 mumagwiritsa ntchito ma watt ochepa chabe, ndiye wogulitsa asakukopeni ndi nambala ya pabokosi.

Tsopano malangizo a mnzanu wakuntchito. Akanakhala abwino masipika anu akanakhala ogulidwa paokha, monga a Wharfedale, JBL kapena Tannoy, olembedwa 6 kapena 8 ohms (muyeso wa momwe sipika imatchingira magetsi). Amene muli ndi otero asungeni ndithu, ampulifaya yokha ndiyo yofunika kusintha. Koma anu anabwera m'bokosi limodzi ndi DVD. Tembenuzani imodzi muwerenge kachipepala kakumbuyo. Ma home theatre ambiri a nthawi imeneyo, a Sony, Samsung ndi LG, anali ndi masipika a 3 kapena 4 ohms, opangidwira makina awo okha. Ma ampulifaya a Denon, Yamaha kapena Onkyo amayembekezera 6 mpaka 8 ohms, ena amalola 4. Mukalumikiza ya 3 ohms imakoka magetsi ochuluka, ampulifaya imatentha n'kumazizimitsa yokha, pena kupsa kumene. Wufa yanunso ioneni: ngati ilibe chingwe chakechake chopita ku soketi, ndiye kuti mphamvu imatenga ku makina a DVD. Ma ampulifaya ambiri a home theatre sapatsa wufa mphamvu, amangoitumizira mawu, kuyembekezera kuti ili ndi ampulifaya yake m'kati. Mukanagula chinthu chodula n'kupeza kuti wufa siikulira.

Mwana wanu sanalakwitse kwenikweni, wangofulumira. Dolby Atmos inayamba m'maholo a kanema mu 2012, n'kufika m'makomo mu 2014. Cholinga chake n'choti mawu ena azimveka kuchokera m'mwamba. Soundbar imayesa kuchita zimenezi polozetsa timasipika ku siling'i kuti mawu anjanje n'kubwerera kwa inu. Siling'i ya konkire yosalala ngati ya m'mafulati imathandizadi, koma ma soundbar ambiri otchipa olembedwa Atmos alibe n'komwe timasipika toloza m'mwambato. Komanso filimuyo iyenera kukhala ya Atmos, ndipo pa Netflix zimenezo zimapezeka pa phukusi lokwera mtengo kwambiri. Kulipira ndalama zowonjezera chifukwa cha dzina limeneli, pomwe vuto lanu ndi kumva zomwe anthu akulankhula, ine sindikuonapo phindu.

Sindikunena kuti timasipika tanuto n'tabwino koposa ayi. Tambiri ta mtundu umenewu timakhala ndi kasipika kamodzi kakang'ono m'kati, ndipo sititulutsa bwino mawu otsika, osafika 150 Hz. Gawo lina la mawu a mwamuna wa mawu aakulu limagwera ku wufa, n'chifukwa chake mukatsitsa wufa kwambiri mawu amauma. Choncho ngati mwachita zonse ndanenazi kwa sabata zingapo koma simukukhutira, kapena mwapeza kuti makinawo alibe optical ngakhale ARC, kapena tsiku lina makina a DVD afa ndipo amisiri akusowa zipangizo zake, pamenepo kugula kuli ndi chifukwa.

Nditakhala ine m'fulati ngati yanuyo, sindingagulenso masipika asanu. Sofa ikagunda khoma, monga zimakhalira m'zipinda zazing'ono, masipika akumbuyo amakhala pakhutu penipeni pa munthu wokhala kumapeto, ndipo mawaya amangodzaza nyumba. Ndingasankhe masipika awiri abwino oika pashelefu, okhala ndi sipika ya masentimita 13 ndi kena kakang'ono ka mawu okwera, pamodzi ndi ampulifaya yaing'ono yokhala ndi optical kapena ARC. Alipo ena okhala ndi ampulifaya m'kati momwemo. Otere amatsika mpaka cha m'ma 60 Hz, besi yokwanira filimu ndi nyimbo popanda wufa yogwedeza pansi. Muwaike motalikirana pafupifupi mamita 2, pa msinkhu wa makutu, ndipo mawu a anthu adzamveka ngati akutuluka pakati pa TV. Ngati malo a masipika awiri palibe, tengani soundbar yolembedwa 3.1. Nambala 3 imeneyo ikutanthauza kuti ili ndi sipika yapakati yeniyeni, ndipo onetsetsani kuti wufa yake imatheka kutsitsidwa payokha pa rimoti.

Mukamagula zakaunjika, werengani kumbuyo kuti palembedwa 220 mpaka 240V. Magetsi athu ndi 230V, pomwe zochokera ku America zimafuna 120V, za ku Japan 100V, ndipo zikalowetsedwa pa soketi yathu popanda transformer zimatha kupsa nthawi yomweyo. Nyamulani flash yokhala ndi mawu a munthu amene mumawadziwa bwino, mukayesere pa voliyumu yotsika, chifukwa ndi momwe muzidzamvera kunyumba. Chilichonse mugule, chidutse pa surge protector (kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu), ndipo magetsi akazima muzizula pa soketi kufikira atabwera n'kukhazikika.

Home theatre yakaleyo mukaganiza zoichotsa, musaimwaze. Makina a DVD, timasipika, wufa, mawaya ake okhala ndi timitu tamitundumitundu ndi rimoti zipite pamodzi kwa munthu mmodzi, makamaka wokhala m'nyumba yoima payokha, chifukwa chilichonse mwa zimenezi chikapatukana ndi chinzake n'chovuta kuchipezera ntchito.