Maoda a lero sakubwera pamwamba mu Firestore

Funso: Ndinapanga pulogalamu ya pa foni yolembera maoda a shopu yathu, ndipo zonse zimasungidwa mu Cloud Firestore, database ya pa intaneti ya Google, oda iliyonse mu document yakeyake. Ndikufuna izionetsa maoda 20 atsopano okha. Ndaika orderBy (lamulo losanjira) pa createdAt (field ya nthawi imene oda inalembedwa), koma pamwamba pakubwera a mwezi watha, ena a lero sakuoneka n'komwe. Kodi Firestore ilibe njira yake yosanjira potengera nthawi imene document inalowa?

Yankho: Achimwene, Firestore muisiye, ilibe mlandu. Code yanu sindinaione, komabe ndikudziwa kuti tsikulo munalisunga ngati mawu. Vuto limeneli landifika kambirimbiri.

Musanasinthe kalikonse, tsegulani Firebase console (tsamba la pa intaneti loonerapo zimene zili mu Firestore), lowani mu collection ya maodawo, dinani document ya lero, kenako ya mwezi watha, kenakonso ya kalekale, muyang'ane createdAt. Osangoona kuti tsiku lilipo ayi, onani mtundu wake. Ngati lili pakati pa zizindikiro zogwira mawu, monga "10/3/2025", imeneyo ndi string. Timestamp yeniyeni imaoneka ndi dzina la mwezi, ola, ndi UTC (nthawi imene dziko lonse limayezerapo) kumapeto. String imasanjidwa chilembo ndi chilembo, siidziwa kalendala. Kwa iyo "28/2/2025" ndi yaikulu kuposa "10/3/2025" chifukwa 2 amaposa 1, basi. Ndi mmene February wakwerera pamwamba pa March.

Ndanena kuti mutsegule atatu, chifukwa nthawi zambiri mumakhala zosakanikirana: munthu anakonza code pakati pa ulendo, maoda akale n'kuwasiya momwemo. Firestore imaika timestamp patsogolo pa string, ndiye mukasanja ndi "desc" (kuyambira chachikulu kutsika) ma string onse akale amadzaza pamwamba, limit(20) n'kudula atsopanowo asanafike. Palinso ma document opanda createdAt, kapena olembedwa created_at pa foni imene ikadali ndi pulogalamu yakale. Amenewa orderBy imangowadumpha mwakachetechete, popanda error. Anthu amagona usiku wonse pa code chonsecho ntchito yake inali ya mphindi ziwiri mu console.

Kukonza kwake: polemba oda, ikani serverTimestamp(), nthawi ya seva, mu createdAt, osati nthawi ya foni. Mafoni otchipa amene mumagulira anyamata a pa kauntala aja, batire ikangothera tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zingapo, mwini wake osalabadira. Oda ya lero imalowa ngati ya makedzana, inu n'kumaifuna pamwamba. Powerenga, orderBy("createdAt", "desc") ndi limit(20) zakwana. Mukafuna a maola 24 apitawa, onjezani where("createdAt", ">=", nthawiyo), koma nthawiyo ikhale Timestamp kapena Date. Mukaika string simupeza oda iliyonse ya timestamp.

Za njira ya Firestore imene munafunsa ija: document iliyonse ili ndi createTime, nthawi imene inalowa, koma simungasanje nayo mu query. Ntchito yake ndi iyi: lembani kaskripti ka Admin SDK (zida za Firebase za pa seva) kowerenga createTime n'kuilemba mu createdAt ya maoda akale onse. ID yongodzipangira yokha ija musaidalire, ilibe ndondomeko ya nthawi. Zimenezo n'za push ID ya Realtime Database, database ina ya Firebase.

Mukadzawonjezera where pa field ina, monga status, mudzaona error ya FAILED_PRECONDITION. Dinani link ili mu error momwemo, index (mndandanda umene Firestore imafufuzira) ipangidwe. Ngati "lero" mukutanthauza kuyambira pakati pa usiku, kumbukirani kuti Firestore imasunga UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola 2, choncho tsiku lanu limayamba 22:00 UTC dzulo lake.

Koma chonde, musakoke collection yonse n'kumasanja pa foni. Document iliyonse imene mwakoka imawerengedwa, ndipo zaulere ndi 50,000 pa tsiku. Maoda 5,000 mukawakoka kakhumi, tsikulo latha.